Mafilimu a tungsten anatheranji?

Babu ya tungsten ya mu situdiyo imatulutsa kuwala kwachikasu kwa 3200K (K ndi Kelvin, muyeso wa mtundu wa kuwala), pomwe kuwala kwa masana kumakhala cha pa 5500K. Maso amazolowera msanga kusiyanaku, koma filimu ayi. Mukajambula ndi filimu ya masana pansi pa mababu otere, nkhope ndi makoma omwe zimatuluka zamtundu wa lalanje. N'chifukwa chake kunali mafilimu opangidwira kuwala kwa tungsten, okhala ndi chilembo T: Ektachrome 64T, 160T ndi 320T, Fujichrome T64, komanso Portra 100T.

Fyuluta yoika pa kamera kuti filimu ya masana igwirizane ndi mababuwa inalipo, inde, koma fyuluta yabuluuyi, ya 80A, imadya masitopu awiri (sitopu iliyonse imachepetsa kuwala ndi theka), moti filimu ya ISO 100 (ISO ndi muyeso wa momwe filimu imamvera kuwala) imasanduka ya 25, m'chipinda momwe kuwala n'kochepa kale.

Chimene chinapha mafilimuwa n'kutha kwa ogula, osati kuipa kwake. Ankawagula kwambiri ndi akatswiri ojambula katundu wa m'makatalogi, mkati mwa nyumba ndi zojambulajambula za m'mamyuziyamu, nthawi zambiri pa kamera yaikulu ya 4x5 ndi filimu ya silaidi, yomwe imatulutsa chithunzi chomalizika pa filimu pomwepo. Silaidi ilibe pokonzera. Mtundu umene watuluka m'mankhwala otsukira silaidi a E-6 ndi womwewo basi, choncho filimu inkayenera kugwirizana ndi nyale kuyambira pachiyambi. Tsono akatswiri omwewa ndi amene anayambirira kusamukira ku makamera a digito m'zaka za m'ma 2000, komwe kugwirizanitsa mtundu ndi nyale (white balance) n'kungodina batani. Ena fulashi inali itawakopa kale, poti kuwala kwake n'kofanana ndi kwa masana ndipo siotcha ngati nyale zija. Ojambula ndi negativu nawo ankatha kukonza mtundu posindikiza kapena pa sikana.

Ku fakitale sapaka mankhwala pa filimu pang'onopang'ono. Amapaka chimpukutu chachikulu nthawi imodzi, ndipo filimu ikakhalitsa imatha mphamvu. Mtundu wogulidwa ndi ochepa umangodzetsa luzi.

Ku makanema ndi kumene mafilimu a T akadalipo makamaka: Kodak ikupangabe Vision3 200T ndi 500T, zotsukidwa ndi mankhwala a mafilimu a kanema otchedwa ECN-2. CineStill 800T, yojambulira zithunzi wamba, ndi 500T yomweyo koma yopanda remjet, utoto wakuda wakumbuyo kwa filimu woletsa kuwala kubwerera, kuti itheke kutsukidwa ndi C-41, mankhwala otsukira negativu wamba. Zotsatira zake ndi kufiira kozungulira nyale iliyonse yowala kwambiri, komwe ena amakukonda. Mukaitulutsa padzuwa, ikani fyuluta ya 85B n'kuwonjezera magawo awiri mwa atatu a sitopu, apo ayi zonse zituluka zabuluu.