Woweruza ndi RADIUS, switch imangotsatira

Mtima wanga wakhala pansi sabata ino chifukwa nkhani ya 802.1X (njira yotsimikizira munthu asanalowe pa netiweki), imene yakhala ikundizunguza mutu chiyambire phunziro la chitetezo cha Wi-Fi kuno ku Johannesburg, yandilowa tsopano. 

Chimene chandimasula n'chakuti switch yoyang'anira ma access point (zipangizo zoulutsa Wi-Fi) siiweruza munthu payokha. Laputopu ikapempha kulowa, switch imatenga uthenga wa EAP (wonyamula umboni woti munthuyo ndani) n'kuupereka kwa seva ya RADIUS (yotsimikizira ofuna kulowa) pa port 1812, kenako imadikira. Seva ikavomera, yankho lake la Access-Accept limabwera litanyamula ma attribute (magawo a uthengawo) 64, 65 ndi 81, ndipo wa 81 uja, Tunnel-Private-Group-ID, ndi amene amatchula VLAN (gawo lapadera la netiweki) imene munthuyo aikidwemo. Choncho SSID (dzina la Wi-Fi) imodzi imakwanira ofesi yonse: wowerengera ndalama akalowa amagwera mu VLAN yake, pamene wa kontirakiti, pa SSID yomweyo, amagwera mu ina imene ACL yake (mndandanda wa zololedwa ndi zoletsedwa) imangomulola kupita pa intaneti. Malamulo amatsata munthuyo kulikonse kumene wakhala m'nyumbamo, ndipo akachotsedwa ntchito mumangotseka akaunti yake osasintha pasiwedi ya wina aliyense.

Izi ndinazigwira nditayatsa FreeRADIUS (pulogalamu ya seva ya RADIUS) ndi lamulo la radiusd -X, Wireshark (pulogalamu yoonera mapaketi oyenda pa netiweki) ili pambali. Kuona Access-Request (pempho lolowa) ndi Access-Challenge (funso la seva) zikusinthana mpaka Access-Accept itatuluka ndi nambala ya VLAN imene ndinalemba ndekha kunandiphunzitsa zoposa mabuku onse a chaka chino. Ine ndikukhulupirira kuti aliyense wophunzira za netiweki ayenera kuyambira pamenepa, ngakhale asanaloweze tanthauzo la mawu ndi limodzi lomwe.

N'chifukwa chake ndimadandaula ndi mmene aphunzitsi athu amathamangira ndi ma slide, akungotchula supplicant (laputopu yopempha kulowa), authenticator (switch ija) ndi seva ngati mndandanda woloweza pa mayeso, osationetsa paketi ngakhale imodzi. Ambiri a ife Amalawi timagwira ntchito masana, timafika ku Braamfontein madzulo titatopa ndi mizere ya matekisi, ndipo nthawi ya labu imatha zipangizo zisanalumikizane bwinobwino.

Pali malo amene maganizo anga sanakhazikike. Printa ndi makamera ambiri sadziwa 802.1X, choncho timawalowetsa ndi MAB (MAC Authentication Bypass), imene imadalira MAC address, nambala yozindikiritsa chipangizo, yomwe ija tinauzidwa kuti munthu angathe kuikopera mosavuta. Kuwatsekera mu VLAN yaoyao ya ACL yothina kumachepetsa ngoziyo, koma ngati n'kokwanira pa ofesi yosunga zinsinsi za anthu, ine sindinatsimikize. Nayonso EAP-TLS, njira yolowera ndi setifiketi, ndi yolimba kuposa PEAP, yolowera ndi pasiwedi, koma ndikaganiza zoika setifiketi pa foni ya wantchito aliyense mu kampani yaing'ono yopanda munthu wa IT, ndimakayika ngati ndingawalangize kutero.