Yo-yo imaphunziridwa pa chingwe ndi pa kaponyedwe

Ndinayamba kusewera yo-yo, chidole cha timawilo tiwiri tolumikizidwa pakati chimene chimatsika ndi kukwera pa chingwe, ndili wamkulu kale, ndipo chimene chinandikopa chinali kuiona ikuzungulira kumapeto kwa chingwe itaima malo amodzi ngati yagona, kenako n'kukwera yokha kubwerera m'dzanja la mwini wake. Amene tinakula tikukwapula nguli pabwalo timachidziwa chisangalalo chimene munthu amakhala nacho akaona chinthu chikuzungulira mwabata popanda kupendekeka. Kwa milungu ingapo sindinkatha kuigoneka yo-yo yanga, ndipo ndinkaloza chala kutchipa kwake, pamene vuto lenileni linali pa chingwe ndi pa dzanja langa. Ambiri amasiya masewerawa sabata yoyamba isanathe pa zifukwa zimene akanatha kuzikonza m'mphindi zochepa, ndipo zimenezi zimandimvetsa chisoni.

Chidolechi n'chakale kwambiri, moti pali chiwiya chadothi cha ku Greece cha m'zaka za m'ma 400 Yesu asanabadwe chimene anajambulapo mnyamata akusewera nacho. Koma yo-yo imene tikuidziwa lero inatchuka kudzera mwa Pedro Flores, munthu wochokera ku Philippines amene anatsegula fakitale yake ku Santa Barbara, California, mu 1928, ndipo pambuyo pake Donald F. Duncan anagula bizineziyo n'kuifalitsa kudzera m'mipikisano. Pa ma yo-yo a Flores, chingwe sichinkamangidwa mfundo pa kamtengo kapakati, koma chinkangokolowekedwa, kotero kuti yo-yo ikafika pansi inali ndi ufulu wozungulira m'kati mwa chingwecho. Choncho mukamaika chingwe chatsopano, musamange mfundo. Potokolani kumapeto kwake mpaka timizere tiwiri timene tinapotedwa pamodzi tipatukane, lowetsani yo-yo pakati pake, ndipo muchisiye chipotanenso chokha.

Kutalika kwa chingwe ndiko kumene ndinalakwitsa poyamba. Zingwe zimagulitsidwa zazitali, ndipo ine ndinkasewera nacho momwe chinabwerera, mapeto ake yo-yo inkangomenya simenti nthawi iliyonse ndikaponya. Muyeso wake ndi wosavuta: ikani yo-yo pansi pakati pa mapazi anu, kokani chingwe mpaka pamchombo, onjezerani pang'ono kuti mupeze popinda, mangani kamfundo kosiya bowo, ndipo chotsalacho mudule. Mukatero lowetsani chingwe m'bowolo kuti chikhale ngati khwekhwe, n'kuchiveka pa chala chapakati, pakati pa mfundo yoyamba ndi yachiwiri ya chalacho. Masiku oyamba chala chimawawa ndithu ndipo chimatsala ndi mzere wofiira, koma khungu limazolowera, ndipo ena amakulungapo kapulasitala kufikira litakhwima.

Pogula, dziwani kuti ma yo-yo a masiku ano ali m'magulu awiri. Ena amabwerera mukangokoka chingwe pang'ono, ndipo osewera amawatcha responsive. Ena, otchedwa unresponsive, sabwerera ngakhale mukoke chotani, kufikira mutaphunzira njira yokulungira chingwe m'kati mwake imene amaitcha bind. Gulu lachiwirili linabwera chifukwa cha bearing (kamkombero ka timipira tachitsulo koikidwa pakati pa yo-yo), imene inayamba kufala Tom Kuhn atatulutsa yo-yo yake yachitsulo ya SB-2 mu 1990, ndipo imachititsa kuti yo-yo izungulire nthawi yaitali kwambiri. Ma yo-yo achitsulo amenewa ndi okongola, ndipo ndi amene mumawaona m'mavidiyo a akatswiri, koma munthu woyamba kumene akagula yotere amaganiza kuti wagulitsidwa chinthu chowonongeka. Maganizo anga ndi akuti muyambe ndi yapulasitiki imene imabwerera yokha, ndipo ndalama zotsalazo mugulire zingwe zambiri.

Tsopano kaponyedwe, kamene ndi mtima wa masewera onsewa. Gwirani yo-yo m'dzanja chikhatho chikuyang'ana kumwamba, chingwe chikuchoka pa chala n'kudutsa pamwamba pa yo-yo kulowera kutsogolo. Pindani mkono mpaka dzanja lifike pafupi ndi khutu, ngati mmene mwana amachitira poonetsa mphamvu zake, kenako tambasulani mkonowo n'kuilola yo-yo igubuduke pa zala kupita pansi. Mphamvu yaikulu ichokere pa mfundo yolumikiza dzanja ndi mkono, osati paphewa. Ikafika kumapeto kwa chingwe, dzanja liime osagwedezeka, ndipo pokhapo mutembenuze chikhatho kuti chiyang'ane pansi. Mukaponya bwino mumamva kaphokoso kofewa kosalekeza, ndipo chingwe chimanjenjemera pang'ono pa chala. Mukaona yo-yo ikupendekekera mbali imodzi n'kumakhula chingwe, ndiye kuti dzanja linapotoka poponya, ndipo mankhwala ake ndi kuponyanso mofatsa mukuyang'ana mzere wowongoka pansi, monga polumikizira matailosi. Poibweza, kokani pang'ono chabe isanathe mphamvu. Mu 1985 akatswiri a zamlengalenga anapita ndi yo-yo m'chombo cha Discovery, ndipo inakana kugona chifukwa kunalibe mphamvu yoikokera pansi kuti chingwe chikungike. Nkhani imeneyi imandikumbutsa kuti kulemera kwa yo-yo kumagwira gawo lalikulu la ntchitoyo, ndipo dzanja likamavutika kwambiri limangosokoneza.

Chingwe chimafuna chisamaliro kuposa mmene anthu amaganizira. Mukamasewera chimapotana mopitirira muyeso kapena kukhwepa, ndipo chikapotana kwambiri yo-yo imakana kugona, pamene chikakhwepa imavuta kuikulunga. Chivuleni pa chala, gwirani yo-yo n'kuchisiya chilendewere mpaka chisiye kuzungulira, kenako muchivalenso. Chikayamba kuda ndi thukuta kapena kuonetsa ubweya, chisintheni nthawi yomweyo. Ine ndinaumira pa chingwe chimodzi chathonje kwa nthawi yaitali, ndipo tsiku lina chinaduka ndikuponya mwamphamvu, yo-yo n'kuuluka kukamenya khoma ndi kusweka m'mphepete. Pafupi pomwepo panali mwana atakhala pamkeka, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndimayamba ndayang'ana amene ali pafupi ndisanaponye. Zingwe za polyester zimakhalitsa kuposa zathonje. M'kati mwa bearing musathiremo mafuta ophikira kapena girisi, chifukwa zimagwira fumbi n'kuilemetsa.

Mukatha kuigoneka mowongoka kwa masekondi khumi kapena kuposerapo, masewera ena onse amayamba kutseguka. Kuiyendetsa pansi ngati galu wa pa chingwe n'kosavuta, ngakhale kuti simenti imakanda m'mphepete mwake. Kuilendewetsa m'kati mwa chingwe chopindidwa ngati mwana wogonekedwa m'chikuta kumafuna zala zodekha. Pambuyo pake phunzirani kuponyera cham'mbali, kumene amakutcha breakaway, chifukwa ndiko kumatsogolera ku trapeze, pamene yo-yo imazungulira chala cha dzanja linalo n'kutera pa chingwe chake chomwe. Tsiku limene inatera koyamba pa chingwe changa ndinaima chilili ndikuiyang'ana mpaka inasiya kuzungulira.

Mpikisano woyamba wa dziko lonse unachitikira ku London mu 1932, ndipo anapambana ndi Harvey Lowe wa ku Canada ali ndi zaka 13. Lero mipikisano ili ndi magawo asanu, kuyambira 1A mpaka 5A, ndipo m'magawo ena munthu amasewera ndi ma yo-yo awiri nthawi imodzi, pamene mu 4A yo-yo sikhala yolumikizidwa ku chingwe n'komwe. Mavidiyo awo a pa YouTube ndi abwino kuonera, koma pophunzira sankhani amene amafotokoza sewero limodzi pang'onopang'ono, ndipo muliyeseze mphindi khumi ndi zisanu tsiku lililonse m'malo mwa maola atatu Loweruka lokha. Ine ndimasunga yo-yo yanga m'thumba la jekete pamodzi ndi zingwe ziwiri zatsopano, ndipo panopa ndikulimbana ndi bind, imene ikunditheka kawiri kapena katatu pa maulendo khumi.