Lita imodzi ya saline imapita kuti? Dzulo ndi pomwe ndamvetsa

Anzanga, miyezi itatu yathunthu mutu wa ma IV fluids, madzi a diripi amene timaika odwala mu mtsempha, wakhala ukundizunguza, nde dzulo usiku cha mma 11 koloko ndi pomwe zinatseguka, mpaka pano mtima wanga uli mmalo. Ndati ndilembe ndisanaiwale mmene zinabwerera, poti ndikudziwa kuti ambiri mukuloweza manambala omwewo amene ndimaloweza ine, sodium 154 ndi chloride 154 mu diripi ya saline, sodium 130, potassium 4, chloride 109, lactate 28 mu diripi ya Ringer's, koma wina akangofunsa kuti nanga BP ya munthu uyu ikwera bwanji ukamuika diripi imeneyi, mmutu mumangoti zii.

Ine mmutu mwangamu diripi inali ngati kuthira madzi mu chigubu. Walowetsa lita imodzi mu mtsempha, magazi achuluka ndi lita imodzi, BP ikwere, basi. Komanso ku wodi maso amakuuza zomwezo, kanyula ili mu mtsempha, madzi akudontha akulowa momwemo, nanga apitanso kuti? Chomwe chinandisokoneza ndi bambo ena achikulire amene tinawalandira madzulo BP ili pansi, analandira matumba angapo usiku wonse, kukucha manja ndi mapazi atupa koma BP yangosuntha pang'ono. Sista wina wamkulu, mayi ofatsa kwambiri, anandiyang'ana nkundifunsa kuti, "Mwana wanga, madzi onse aja ali kuti?" Ndinangoti, "Sista, ali mthupi momwemu." Iwo anati, "Eya, koma pati?" Funso limeneli ndayenda nalo masabata awiri.

Dzulo magetsi atazima ndinasiya kuwerenga ma slide pa foni, ndinatenga pepala ndi tochi nkujambula bokosi limodzi lalitali. Munthu wa ma kg 70, madzi ake onse malita 42. Ndinadula mzere, mbali yaikulu 28 mkati mwa ma cell, yotsalayo 14 kunja. 14 uja ndinamudulanso, 10.5 mu interstitial, mipata ya pakati pa ma cell, 3.5 mu plasma, madzi a mmagazi mu mtsempha. Manambalawa tonse timawadziwa kuchokera chaka choyamba, palibe chachilendo. Chachilendo chinali choti nditayang'anitsitsa ndinaona kuti nkhani siili mu zipinda zitatuzo ayi, nkhani ili pa mizere iwiri ndinadula ija. Ndi makoma awiri, ndipo khoma lililonse lili ndi chake chomwe limakaniza. Khoma la capillary, timitsempha ting'onoting'ono ta magazi, limalola sodium kudutsa mwaufulu koma limakaniza albumin, puloteni ya mmagazi. Khoma la cell limakaniza sodium, ngakhale italowa pampu ya pa khomalo imaitulutsanso, ma sodium atatu kunja ma potassium awiri mkati, usana ndi usiku. Koma madzi amadutsa makoma onse awiri opanda womufunsa.

Nde ngati madzi amadutsa paliponse, kufunsa kuti madzi apita kuti nkutaya nthawi. Ufunse kuti chomwe chasungunuka mmadzimo chiloledwa kufika pati, pomwe icho chaima madzi aima pomwepo. Kungoti ndimve zimenezi ndinadzuka pa bedi. Ndi zomwe timaona tsiku ndi tsiku ukathira mchere pa tomato wodula, pakangopita mphindi zochepa mbale yadzaza madzi, mchere sunalowe kukawatenga, madziwo atuluka okha kuutsatira.

Tiyeseni ndi saline. Sodium wake ndi 154, pafupi ndi wa mmagazi, nde adutsa khoma loyamba, akafika pa khoma la cell aima. Ndiye kuti lita ija igawanika mu malita 14 akunja aja basi, ndipo plasma ndi 3.5 pa 14, gawo limodzi mwa magawo anayi. Pa 1000 ml, otsala mu mtsempha ndi cha mma 250 ml, ena 750 ml apita mu interstitial. Manja otupa a bambo aja ndi amenewo. Madzi sanasowe, anapita komwe sodium anawatengera, ndipo Sista ankafuna ndione zimenezo ndi maso anga pa mapazi a wodwala.

Dextrose 5% ndi amene anandidabwitsa kwambiri, chifukwa ali mu thumba amaoneka ngati mnzake wa saline, isotonic naye, kutanthauza kuti zosungunuka zake nzochuluka pafupifupi ngati za mmagazi. Koma muli shuga yekha, magalamu 50 pa lita, sodium mulibe olo pang'ono, ndipo ma cell akangodya shuga uja chotsala ndi madzi okhaokha opanda chowagwira. Nde adutsa makoma onse awiri nkugawanika mu malita 42 onse. Plasma ndi 3.5 pa 42, gawo limodzi mwa 12, kutanthauza kuti pa lita yonse ija mu mtsempha mutsala cha mma 80 ml, pomwe pafupifupi 670 ml alowa mu ma cell. Ndinawerengera katatu konse chifukwa sindimakhulupirira. 80 ml anthuni, kapu ya tiyi siidzaza. Ndi chifukwa chake munthu wa shock, amene magazi sakufika mokwanira mziwalo, sumuthamangitsira dextrose 5%, kale ndimangodziwa kuti ndi lamulo, pano ndikuona chifukwa chake. Ndipo pomwepo ndinamvetsanso zomwe amatichenjeza pa ana, kuti madzi opanda mchere okwanira amatsitsa sodium wa mmagazi, madzi nkulowa mu ma cell a ubongo, ndipo ubongo uli mu chigaza ulibe kofutukukira, mwana amayamba kusanza, kugona tulo tosadzuka bwino, kenako kukomoka. Zonsezi zikuchokera pa mzere umodzi uja wa pa pepala.

BP nayo inalowa mmalo mwake. Si lita yonse imene imakweza BP, ndi 250 ml uja. Iyeyo ndi amene amachulukitsa magazi obwerera ku mtima, mtima nkudzaza bwino, nkukankha ambiri pa kugunda kulikonse, cardiac output, magazi amene mtima ukutulutsa pa mphindi, yakwera, BP nayo yatsatira. Koma curve ya Frank-Starling, yoonetsa mmene mtima umakankhira malinga ndi mmene wadzazira, imafika pena nkugona, ukapitiriza kuthira mtima sukankhanso zoonjezera, madzi amangobwerera mmbuyo kukadzaza mapapo, nde umamva wodwala akupuma mobanika, ukaika stethoscope kumsana kumunsi kukumveka ngati ukufikisa tsitsi pafupi ndi khutu. Komanso BP ndi zinthu ziwiri zochulukitsana, output ndi resistance, kufinyika kwa mitsempha, diripi imakhudza mbali imodzi yokha. Ngati mitsempha yalekerera yatanuka ngati mmene zimakhalira pa sepsis, matenda a tizilombo akasokoneza thupi lonse, utha kuthira kuthira mbali inayo ili chomwecho.

Kolera ndi pomwe bokosi langali limagwira ntchito mokoma kwambiri. Tonse tikukumbuka mliri unayambira ku Machinga mu March 2022 nkupitirira mpaka 2023, unapha anthu oposa 1,700 mdziko muno, ena a ife tinaona matenti ndi mabedi obowola pakati aja. Munthu wa kolera amataya madzi ndi mchere limodzi, sodium, potassium, bicarbonate, ndiye kuti chipinda chomwe chikuphwa ndi cha kunja kwa ma cell chija, malita 14 aja, nchifukwa chake maso amalowa mkati, khungu ukalitsina limaima, pulse kusowa. Ukamuika Ringer's ukubwezera mu chipinda chomwecho chinthu chofanana ndi chomwe chatuluka. Plan C ija, ndondomeko ya munthu amene madzi atha kwambiri mthupi, 100 ml pa kg, 30 ml pa kg mu mphindi 30 zoyamba kenako 70 ml pa kg mu maola awiri ndi theka, kwa munthu wa ma kg 50 ndi malita asanu mu maola atatu. Kale nambala imeneyi imandiopsa, ndimati munthu saphulika? Pano ndikuona kuti 750 ml wopita mu interstitial uja pa kolera sakutayika, kumeneko nako kunauma, akufunika. Lactate wa mu Ringer's naye chiwindi chimamusandutsa bicarbonate, nde acidosis, kuchuluka kwa asidi mmagazi, imachepa, pomwe saline ukamuthira wambiri chloride wake wa 154 amaonjezera acidosis. Ndinasangalalanso kudziwa kuti nkhani ya diripi inayambira pa kolera yemweyu, mu 1832 Thomas Latta ku Leith ku Scotland anathira madzi a mchere mu mitsempha ya anthu amene anali pafupi kufa, ena nkutsitsimuka. Ndipo Sydney Ringer ku London mzaka za mma 1880 ankayesa mitima ya achule, anapeza kuti imagunda nthawi yaitali mu saline wopangidwa ndi madzi a pa mpopi kusiyana ndi wa madzi a distilled chifukwa cha calcium, kenako Alexis Hartmann, dokotala wa ana ku America, anaonjezera lactate mzaka za mma 1930. Thumba lija timangolikoleka pa sitandi lili ndi mbiri yaitali.

Ine pano ndikunena mosaopa, kujambula bokosi kukuposa njira ina iliyonse yowerengera. Ma flashcard ndasiya, ma past paper ndayamba ndawaika pambali. Mmawa uno ndajambula kasanu, la kutaya magazi pobereka, la kupsa ndi moto, la kwashiorkor, la pre-eclampsia (BP yokwera mwa mayi woyembekezera), la mtima wofooka, ndipo lililonse ndimangofunsa kuti khoma liti lavuta, chipinda chiti chaphwa, chomwe ndikuthira chiima pati. Pa pre-eclampsia zinangotuluka zokha, albumin watsika, khoma la capillary likudontha, mayi watupa thupi lonse koma mu mtsempha muli mochepa, nde ukathira zambiri zipita ku mapapo, nchifukwa chake amati tichepetse madzi cha mma 80 ml pa ola. Pa mayi wotaya magazi napo, saline agwirizira BP kwa kanthawi koma sanyamula oxygen, chofunika ndi magazi ndi kuletsa kutayako. Ndamuphunzitsa mnzanga wa mchipinda mu mphindi 20 wamva. Ndikuona ngati phunziro lonse la impso ndi theka la phunziro la mankhwala zitha kulowa mu bokosi limeneli, ndipo sabata ino ndiyesa.

Chomwe chikundiwawa nchoti bwanji sanatiuze chonchi poyamba? Mutu umenewu tinaphunzira tsiku limodzi masana kukutentha, aphunzitsi akuwerenga ma slide mothamanga poti anali ndi msonkhano, table ya ma composition yadzaza sikirini yonse, isotonic, hypotonic, hypertonic, lowezani zibwera pa mayeso. Wina atafunsa kuti nanga dextrose ali gulu liti poti mabuku ena akuti isotonic ena hypotonic, yankho linali loti zonse nzoona kawerengeni. Zoonadi zonse nzoona, mu thumba ndi isotonic mthupi shuga akadyedwa amasanduka hypotonic, zosungunuka zake nkuchepa kuposa za mmagazi, koma chiganizo chimodzi chimenechi chikanatipulumutsa miyezi itatu. Sindikuti aphunzitsi sadziwa, amadziwa kwambiri, koma munthu mmodzi makalasi anayi, ife tili ambirimbiri mu holo imodzi, kenako sabata yotsatira tili kale ku wodi tikukoleka matumba omwewo pa anthu enieni. Ku wodiko nthawi yofunsa palibe, nesi mmodzi odwala osawerengeka, ndipo masiku ena funso la Ringer's kapena saline silikhalapo nkomwe, ukoleka chomwe chilipo mu kabati. Ukaweruka watopa, ukachape yunifomu, uphike, uwerenge ndi tochi. Zimandipweteka ndikaganiza kuti ndakoleka matumba angati ndisakudziwa komwe madziwo akupita.

Koma pali pena pomwe bokosi langali likundisiya panjira, ndipo ndi pomwe ndagona ndikuganiza. Mu 2011 panatuluka kafukufuku wa FEAST, wotsogoleredwa ndi Kathryn Maitland, ana oposa 3,000 ku Uganda, Kenya ndi Tanzania, ana otentha thupi kwambiri magazi asakuyenda bwino, ambiri a iwo a malungo. Ena anapatsidwa bolus, madzi ambiri mwachangu mu mtsempha, ya saline, ena ya albumin, ena sanapatsidwe bolus. Malinga ndi bokosi langa, a bolus amayenera kuchira bwino, makamaka a albumin poti amakhala mu mtsempha. Koma pofika maola 48, mwa a bolus anamwalira pafupifupi 10.5 pa 100 aliwonse, mwa opanda bolus 7.3, ndipo albumin ndi saline sanasiyane. Ana otsegula mmimba sanali mu kafukufukuyu, nde Plan C siikukhudzidwa, koma komabe. Ndipo ku Lusaka, pa University Teaching Hospital, kafukufuku wina amene anatuluka mu 2017 pa akuluakulu a sepsis BP ili pansi anapezanso zofanana, opatsidwa madzi ambiri mwachangu motsatira protocol anamwalira 48 pa 100, a chisamaliro cha masiku onse 33 pa 100. Awa ndi odwala ngati athu omwewa, ambiri a HIV ndi TB, magazi ochepa, mzipatala zopanda makina okwanira othandizira kupuma.

Nde zikuoneka kuti BP itha kukwera pa makina munthu nkumaipiraipira. Ndayesa kuzilowetsa mu bokosi, ndati mwina pa sepsis khoma la capillary lawonongeka moti olo 250 ml uja sakhalitsa, mwina thupi linali litafinya mitsempha dala kuti liteteze ubongo ndi mtima nde bolus ikusokoneza zimenezo, koma ndikuona kuti apa ndikungokakamiza pepala kuti livomere. Chomwe chikundivutitsa kwenikweni ndi usiku uja udzafike ndili ndekha pa health centre, ambulansi ili kutali, mwana watentha thupi manja ozizira, mayi ake akuti watsegulanso mmimba kawiri, ndidzamuika mu bokosi liti, la kolera lija kapena la FEAST? Lolemba ndikawapeza Sista aja ndikawauze kuti madzi aja ndawapeza komwe anapita, kenako ndiwafunse za mwana ameneyu, kaya adzandiyankha kapena adzandibwezeranso funso lina.