Mabuleki anunkha potsika ku Ku Chawe

Lero Loweruka kunacha ndi chiperoni, phiri lonse la Zomba litafunda nkhungu. Ine ndinati ndingokhala pakhonde, koma mwana wa mlongo wanga, amene anafika dzulo madzulo, anakana zobwerera ku ntchito asanalawe masitiroberi a ku Ku Chawe. Mtsikanayu ndi payiloti, amakhala mpando wakumanja m'ndege zonyamula anthu. Ine ndinagwira chiwongolero cha lole zaka 26, ndiye pabanja pano katswiri wa za maulendo ndinali ine, mpaka iyeyu atatulukira.

Kumtunda sitinakhalitse. Ku Emperor's View, pomwe kukayera umaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje, lero kunali mbuu basi. Tinagula zipatso ndi ndowa ya mbatatesi n'kutembenuka.

Potsika anapempha kuti ayendetse ndi iye. Tisanafike ndi pakati pomwe pa mtsetse, fungo la mabuleki linali litadzaza m'galimoto.

"Iwe, ponya giya yachiwiri, phazi lichoke pamenepo! Kodi ndegeyo amakupatsa bwanji?"

Anaseka, n'kuimika pambali kuti mabuleki azizire. "Malume, inu muli ndi mwayi. Muli ndi giya, mulinso ndi poima. Ife zonse ziwirizi tilibe."

Tili chiimire choncho panadutsa abambo atatu ndi njinga zawo, nkhuni atasanja mpaka kupitirira mutu, thupi lonse atalikokera m'mbuyo kuti katundu asawathawe. Mtsikana uja anawaloza n'kunena kuti ntchito yake ndi yomweyo. Ine zaka zonsezi ndimaganiza kuti kutsitsa ndege ndi kungoweramitsa mphuno. Ayi ndithu. Akuti poyamba kutsika injini amakhala atazibweza kale mpaka pansi, zikungolira osakankha, ndipo ndegeyo imangotsetsereka. Ukaiweramitsa kwambiri liwiro limakwera. Ukaidzutsa mphuno kuti liwiro lichepe, imasiya kutsika. Kutsika msanga ndi kuchepetsa liwiro nthawi imodzi, ndege ya jeti imakana. Chimene chimatsala ndi zitsulo zija zimatukuka pamwamba pa mapiko, zomwe iwo amati ma speedbrake. Aja mumamva ndege ikunjenjemera pang'ono pomayandikira kutera, nthawi zambiri ndi zimenezo.

Nditafunsa kuti nanga amathamangiranji, mlengalenga simuli malo ambirimbiri, anati nkhaniyo tikaimalize kunyumba pali pepala.

Titadya nsima ya matemba, anatenga kalendala yakale n'kuyamba kujambula kuseri kwake. Njira yofikira pa bwalo la ndege, akuti, ili ndi malo ake odutsapo, ngati masiteji, ndipo pa ena amalemba msinkhu woti udutsirepo. Nambala ikakhala ndi mzere pansi pake, udutse pamenepo kapena pamwamba. Mzere ukakhala pamwamba, udutse pamenepo kapena pansi. Ikakhala pakati pa mizere iwiri, ndi pomwepo basi, palibe kunenerera. Zifukwa zake ndi zomveka: pansi pako pangakhale phiri, kapena ndege ina imene ikunyamuka ikudutsa m'munsi mwako. Pamapu awo pamalembedwanso msinkhu wotsikitsitsa wosaopsa, womwe umasiya mafiti 1,000 pamwamba pa chinthu chachitali kwambiri m'dera la mamailo 25 kuzungulira. Kuno kwathu si nkhani yoseweretsa: Sapitwa ali pa mamita 3,002, phiri lathu lomweli limapitirira mamita 2,000, ndipo Michiru ali pafupi ndi bwalo la ndege la Chileka pomwepo.

Apa mayi a kunyumba anadzuka kukateleka madzi a tiyi. Chichitikireni ngozi ya ndege ya ku Chikangawa mu June 2024, safuna kumva nkhani ya ndege, phiri ndi nkhungu pamodzi.

Chimene chandisangalatsa kwambiri ndi masamu ake, chifukwa ndi a pamtima, ngati a kondakitala. Pa mafiti 1,000 aliwonse oti utsike umafunika mamailo atatu. Mailo yake ndi ya panyanja, ya makilomita 1.852. Uli pa mafiti 35,000 ndipo akuuza kuti pamalo akutiakuti udutse pa 11,000: kusiyana ndi 24,000, kuchulukitsa 24 ndi 3, ndiye uyambe kutsika kukadali mamailo 72. Amenewo ndi makilomita oposa 130, ngati kuchoka kuno kupita ku Blantyre n'kubwerako. Uwonjezerepo mailo imodzi pa ma knots 10 aliwonse (knot ndi liwiro la mailo imodzi ya panyanja pa ola) amene ukufuna kuchotsa pa liwiro, chifukwa m'maiko ambiri pansi pa mafiti 10,000 saloleza kupitirira ma knots 250. Mphepo ikamakukankha kumbuyo, uyambe msanga kuposa apo.

"Nanga kompyuta ya m'ndege ija imagwira ntchito yanji?" ndinafunsa.

Akuti imawerengera zonsezi, ndipo imawerengera bwino, koma imadalira mphepo imene munaiuza. Komanso owongolera ndege a pansi akhoza kukusunga m'mwamba chifukwa cha ndege ina, kapena kukukomera mtima n'kukudulira njira yachidule. Mtunda wafupika, msinkhu ukadali womwewo, masamu onse asokonekera. N'chifukwa chake iye amangowerengabe pamtima njira yonse: mamailo atsala angati, ndili pamwamba bwanji. Ndinakumbuka mtsetse wa ku Thabwa potsikira ku Chikwawa. Lole yodzaza simenti giya umaisankhira pamwamba, usanayambe kutsetsereka. Ukaikumbukira pakati, sizilowanso.

Pali kena kamene sindinakaganizepo: chida choyezera msinkhu chimayendera kulemera kwa mpweya. M'mwamba ndege zonse zimatchera chidachi pa nambala 1013, koma potsika umasinthira ku nambala ya tsikulo imene a pabwalo akupatsa, iwo amati QNH. Ukaphonya ndi 10 yokha, chidacho chimakunamiza ndi mafiti pafupifupi 300. M'nkhungu ngati ya lero, 300 ndi yambiri.

Ndinamufunsa kuti zikakanika amatani. Anati pali liwu limodzi la Chingerezi, "unable", kutanthauza kuti sinditha. Umalinena msanga, a pansi akadali ndi mpata wokuzungulitsa kapena kusuntha ndege ina. Ndipo ukafika pafupi ndi bwalo liwiro likadali lambiri, umaponda moto n'kukwera, kukayambiranso. Apa ndinangoti zii. Kwathu ku malole munthu wovomera kuti mtsetse wamukulira tinkamuseka, ndipo ena mwa amene tinkaseka nawo ndinakawaperekeza kumanda ndine.

Asanakagone anandipatsa samu: ndili pa 35,000, ndikukatera ku Chileka, ndiyambe kutsika kukadali mamailo angati? Ndinayankha mwachangu kuti 105. Anapukusa mutu. Ndinaiwala kuti msinkhu amayezera kuchokera ku nyanja yamchere, pomwe Chileka payokha ili pamwamba ndi mafiti oposa 2,500. Yankho linali cha m'ma 97.

"Mwaphonya ndi mamailo 8, malume. Koma mwaphonyera mbali yabwino, mwayamba msanga."

Mawa akunyamuka 5 koloko m'mawa, ndikamusiya ku depoti. Mabuleki aja akulira ndikaponda, Lolemba ndipita nayo galimotoyo kwa makaniko, ndipo ndamuuza kale mtsikanayu kuti bilu yake ndimutumizira pa WhatsApp.