Usiku umene ndinakana kulemba commit force

Ndikulemba izi Loweruka masana nditangodzuka, m'maso muli ngati mwathiridwa mchenga. Mayi a kunyumba andifunsa kawiri ngati ndikudwala. Ndawauza kuti ayi, ndi Lachinayi lija likundiyendabe m'thupi.

Anzanga amene mumasamala Tuxedo, pulogalamu yoyendetsa ma transaction (ntchito monga zosamutsa ndalama) pakati pa maseva ndi ma database, mukudziwa mmene sabata ya malipiro imakhalira, ndiye sindichulutsa gaga m'diwa. Lolemba mzere wa seva zofunsira ndalama zotsala unatalika, lamulo loonera mizere la pq likuonetsa mauthenga akungounjikana, ndinadzutsa seva zina ziwiri ndi tmboot -i, nkhani inatha. Lachiwiri ULOG, buku limene Tuxedo imalembamo zochitika, inayamba kudandaula kuti malo mu bulletin board, kaundula wa maseva ndi olumikizidwa, atha. Vuto ndi MAXACCESSERS, malire a chiwerengero cha olumikizidwa nthawi imodzi, ndipo nambala imeneyo siisinthika makina akuthamanga, pamafunika kuzimitsa. Ndinapempha mphindi 30 za usiku, anandiyankha kuti tidikire mwezi uthe. Lachitatu linathera mu msonkhano wa tiyi ndi mabisiketi. Palibe chimene ndikukumbukirapo.

Kuti mumvetse za Lachinayi ndifotokoze mmene nyumba yathu inamangidwira. Makina a Tuxedo alipo awiri. Wamkulu, amene amasunga DBBL, pulogalamu yoyang'anira bulletin board pa makina onse, ali m'tauni muno, wothandizira ali ku Limbe. Chaka chatha ma database onse awiri, ya maakaunti ndi ya ndalama za pafoni ndi mabilu, anasamutsidwira ku Limbe komwe magetsi ake ndi odalirika. Wamkulu wa Tuxedo anatsalira m'tauni poti ndalama zosamutsira zinathera panjira. Anatsala ndi TLOG yake, buku la zigamulo za ma transaction, pa disiki ya m'mimba mwake momwe, imene makina ena sangaione. Ndinalemba za chimenechi kalekale. Kalatayo ilipo, ndinaisunga.

Nthawi ili 9:40 usiku ndili kwathu ku Chilobwe, nsima ili m'manja, foni inalira. Anali mnyamata wathu wophunzira ntchito, amene anali pa shifiti.

"Akulu, kuno kwazima. Jenereta sikulira. UPS yalira pang'ono kenako zii."

Galimoto yanga inali ndi mafuta ongokwanira kukafika ku tchalitchi, ndiye ndinakwera kabaza wa njinga yamoto, laputopu ili pachifuwa ngati mwana. Mwa Zingwangwa monse munali mdima, nyali za ogulitsa chipisi zokha ndi zimene zimaoneka. Nditalowa m'chipinda cha maseva ndinalandiridwa ndi fungo la mabatire opsa ndi bata. Amene munazolowera phokoso la m'chipinda chimenechi mukudziwa mmene bata lake limaopsera. Mabatire a UPS, ogwirizira makina magetsi akazima, amene ndakhala ndikupempha kuyambira mwezi wa March, anagwira mphindi zinayi zokha.

Ndinakhala pansi pakhonde, intaneti ya pafoni, ndikulowa makina a ku Limbe. Apa zinayenda monga mwa buku. Mu tmadmin, chida cholamulira Tuxedo, ndinalemba master kuti ukulu usamukire ku Limbe, inandifunsa ngati ndikutsimikiza, ndinavomera, DBBL inadzuka ku Limbe. Kenako pclean kuti bulletin board iiwale makina akufawo. psr inaonetsa seva zili moyo, psc nayo bwinobwino. Ndinapumira m'mwamba, mnyamata uja mpaka anaomba m'manja.

Sizinathe mphindi zitatu. Aliyense wokankha ndalama kuchoka ku akaunti kupita pafoni amabwezedwa. Kutsegula ULOG, mzere uliwonse ORA-01591, uthenga wa database wakuti mzere wagwidwa ndi transaction yosamalizidwa. Ndinaimbira achemwali athu osamala database, amene anali atagona kale ku Bangwe. Anadzuka osadandaula, anayang'ana mu DBA_2PC_PENDING, mndandanda wa ma transaction otsalira panjira, n'kundiwerengera: zisanu ndi ziwiri, zonse zili pa prepared, kutanthauza zokonzeka koma zosamalizidwa. Imodzi mwa izo inali itagwira mzere wa akaunti yodutsira ndalama zonse za pafoni. Mzere umodzi wokha, koma aliyense amadutsa pomwepo, ndipo ngakhale kungouwerenga kumakanika.

Magetsi anazima ma transaction amenewa ali pakati pa njira. Mbali ya maakaunti inali itavomera kuti yakonzeka, ikudikira liwu lomaliza. Amene amanena liwulo ndi TMS, seva yogamula ma transaction, ya pa makina amene anafa, ndipo chimene inagamula chinali mu TLOG, mu disiki yozizira, m'chipinda cha mdima kumbuyo kwanga. Tuxedo imalemba mu TLOG pokhapokha mbali zonse zikavomera. Ikadzuka, zimene yazipeza zolembedwa imazimaliza, zimene palibe imazibweza. Popanda kuwerenga TLOG sungadziwe kuti iyi ndi iti. Njira ina inali kukasuzumira ku database ya pafoni kuti tione mbali inayo inathera pati, koma imeneyo ili m'manja mwa gulu lina, ndipo wa pa shifiti wawo foni yake inali yozima. Ndinaimba kasanu ndi kamodzi.

Bwana anafika cha m'ma 11, atavala zogonera ndi jekete pamwamba.

"Achimwene, anthu alandira lero. Pitani pa Facebook mukaone mmene akutitukwanira. Achemwali akuti pali lamulo lomasulira zimenezi. Pangani commit zonsezo, zotsala tiona mawa."

Lamulolo lilipodi, COMMIT FORCE, lokakamiza database kumaliza transaction osadikira liwu lomaliza lija, ndipo kulilemba sikutenga mphindi. Ndinayesa kuwafotokozera mwachikhalidwe chathu. Ndinati bwana, zili ngati ukwati umene ankhoswe a kuchimuna avomera, koma sitikudziwa ngati a kuchikazi anavomera, ndipo wogwira kaundula wakomoka asanalengeze. Mukalengeza nokha kuti ukwati wamangidwa pamene mbali inayo inakana, ndalama zichoka mu akaunti ya munthu koma pafoni pake sizifika. Ndipo makina aja akadzuka adzapeza kuti wina wagamula kale mosiyana ndi zimene iwo analemba. Madzi akatayika saoleka, tidzakhala tikutolera ndi manja sabata yathunthu.

Sanamve. Anati ndimakonda kuvutitsa zinthu zophweka, ndiponso kuti akuluakulu akuwaimbira iwo, osati ine. Mawu anakwera, mlonda mpaka anasuzumira. Ine mtima unali ukugunda m'khosi, chifukwa ndili ndi ana asukulu ndipo ntchito za mtundu uwu mu Blantyre muno sizili mbwee. Ndinangoti: "Chabwino bwana. Ndilembereni pa imelo kuti mwalamula ndinu, ndipo ndichita pompano."

Anatulutsa foni. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Anaibwezera m'thumba n'kufunsa kuti kodi jenereta yavuta chiyani.

Apa ndi pamene ndinachita manyazi, chifukwa ola lonse ndinali ndi ma GTRID, manambala a ma transaction aja, m'mutu ndipo sindinafunse funso limenelo. Amene anayankha ndi madala athu olondera pageti, bambo wachikulire wa ku Ndirande amene wakhala pamalo pano kuposa tonsefe.

"Dizilo alimo, bwana. Ndi batire yafa. Ndinanena mwezi watha poyesa kuliza. Mukanabwereka ya m'galimoto yanuyo."

Tinakankhira galimoto ya bwana kuseri, pafupi ndi khumbi la jenereta. Zingwe zolumikizira tinazipeza m'buti, zadzimbiri, madala anazipala ndi mpeni wawo wosendera mbatata. Ine ndinagwira tochi ya pafoni, mnyamata uja anagwira chitseko cha khumbi chimene chimangodzitseka chokha. Koyamba inangokhosomola. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu inabangula, utsi wakuda bii kumaso kwathu, ndipo sindinamvepo fungo lokoma ngati limenelo. Nthawi inali 1:15.

Makina anatenga nthawi kuyang'ana madisiki ake, ine ndikungopemphera kuti TLOG isakhale itaonongeka. Atadzuka ndinalemba tmboot -B kuchokera ku Limbe, inakana. Ndinalembanso, inakananso. Thukuta linayamba kutsika. Mnyamata uja ndi amene ananong'ona kuti, "Akulu, tlisten." Zoonadi, tlisten, pulogalamu yolandira malamulo ochokera ku makina ena, sinali m'gulu la zodzuka zokha makina akayaka, munthu wina anaidzutsa ndi manja zaka zapitazo ndipo makinawo anali asanazimepo chiyambire. Ndinaidzutsa, BBL, yoyang'anira bulletin board pa makinawo, inabwera, kenako tmboot -l, ma TMS anadzuka. Tinaunjikana anthu anayi pa laputopu imodzi kuyang'ana ULOG ikuyenda, achemwali ali pa foni akuwerenga mbali yawo. Zisanu ndi ziwiri. Zinayi. Imodzi. Palibe.

Zisanu zinamalizidwa, ziwiri zinabwezedwa. Mwa ziwirizo, imodzi inali ya K420,000, ndipo poona tsiku lake ndi mmene inalowera m'mawa womwewo, amenewo anali malipiro a munthu a mwezi wonse. Tikanachita zimene ndinauzidwa, munthu ameneyo akanadzuka Lachisanu akaunti ili mbee, pafoni palibe kanthu, lendi ikumudikira. Ndinawaonetsa bwana mzerewo. Anangoti "Hmm", n'kukafunsa madala ngati batire yawo aibwezera bwino.

Pulogalamu ya Tuxedo imeneyi ndi yakale kuposa mnyamata wathu uja. Inabadwira ku AT&T m'zaka za m'ma 1980, inadutsa ku Novell, BEA inaitenga mu 1996, ndipo Oracle inagula BEA mu 2008. Achinyamata amaiseka kuti ndi ya agogo, amafuna zinthu za makono zokhala ndi zithunzi zokongola. Koma usiku umenewo inakumbukira zonse zimene inalonjeza, mpaka tambala yomaliza. Zimene zinatigwetsa ndi mabatire.

Chimene chandipsetsa mtima n'kundilembetsa zonsezi ndi msonkhano wa Lachisanu. Ndinalowa ndisanagone, malaya akununkha dizilo. Lipoti linali litalembedwa kale, ndipo pa zifukwa panali mawu akuti "kuchedwa kupanga chiganizo kwa ogwira ntchito a pa shifiti". Za UPS panalibe. Za batire ya jenereta panalibe. Za TLOG yokhala pa disiki ya makina amodzi panalibe. Nditafunsa anandiuza nyimbo yomwe ija, yakuti ndalama zakunja zikusowa. Ndikudziwa kuti zikusowa, ndimakhala m'dziko lomweli, ndinaona mmene mitengo ya zipangizo inadumphira kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. N'chifukwa chake ngakhale mgwirizano wathu wolandira thandizo kwa eni pulogalamuyi sunakonzedwenso, moti usiku uja ndinalibe woti n'kumuimbira. Koma batire ya jenereta imagulidwa ndi makwacha, ku Ginnery Corner pompa. Ndipo mipando yatsopano ya m'chipinda cha misonkhano, imene tinakhalira pokambirana za kuchedwa kwanga, sinagwe kumwamba.

Ndinakana kusaina. Ndinapempha kuti alumikizepo kalata yanga ya March ndi ija ya TLOG, apo ayi alembe dzina la amene akuti anachedwayo. Akuti aliyang'ananso lipotilo Lolemba.

DBBL ndaisiya ku Limbe. Mawa usiku ndikubwerera kukaibweza m'tauni, ndikaikenso tlisten pamalo pake, ndipo poti tidzakhala tazimitsa kale ndikwezeretu MAXACCESSERS ija, kaya alola kaya salola. Fomu ya mabatire ndailembanso kachinayi. Popita ndidutsira pa golosale ndiwagulire madala shuga ndi buledi, poti mu lipoti lija iwonso sanatchulidwemo.