Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Masiku awiri ku Stone Town

Gawo lapita lija ndinakusiyani ndili ku Dar es Salaam, katundu wanga wa ku msika wa Kariakoo atamangidwa kale m'mabelo koma galimoto yoti inyamule akuti mpaka Lachisanu, apa nkuti lili Lachiwiri. Ine ndinali nditavomera kale zongogona pa loji kumawerenga malata, koma achemwali omwe anandiphunzitsa geni imeneyi anangoti, "Iwe, ndalama ya chipinda tikulipira kuno ndi yomweyonso tikalipire ku Zanzibar, dzuka tizipita." Ine ndi achemwali sitikangana, akanena anena.

Feri yake ndi ya maola awiri basi koma ndisakunamizeni, nyanja ya mchere ndi ina. Mafunde atayamba ndinagwira kapepala kosanzira kaja ngati tikiti ya kumwamba. Kufika uko anatifunsanso ma pasipoti, ine nkumadabwa kuti si Tanzania yomweyi kodi, kenako ndinamva kuti Zanzibar inaphatikana ndi Tanganyika mu 1964 koma ili ndi boma lake ndi pulezidenti wakewake mpaka lero.

Stone Town, eni ake amati Mji Mkongwe, ndi tauni yoti usayerekeze kuti ukudziwa njira. Tinjira take ting'onoting'ono moti galimoto silowa, zimangodutsa njinga zamoto nkumakukhudza chigongono, nyumba zazitali zomangidwa ndi miyala ya m'nyanja ndi laimu zayandikana ngati zikunong'onezana, ukakhota kawiri katatu wabwerera pomwe unayambira. Tinasochera kanayi tsiku loyamba lokha. Koma zitseko abale! Zamatabwa olemera, zosemedwa maluwa mbali zonse, zina zokhomedwa timisomali ta mkuwa tosongoka. Achemwali anajambulitsa pa chitseko chilichonse mpaka foni kuzima. UNESCO inaika tauniyi pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse mu 2000, ngakhale nyumba zambiri zikuoneka kuti zatopa, pulasitala akungoyoyoka.

Tinapeza bambo wina wachikulire wotiyendetsa, Chiswahili chathu cha pa msika chija nkumaphatikiza ndi Chingerezi zinkatheka ndithu. Anatiyambitsa pa Ngome Kongwe, linga lomwe Aluya a ku Oman anamanga atathamangitsa Apwitikizi cha m'ma 1700. Pambali pake pali House of Wonders, yomwe Sultan Barghash anamanga mu 1883, nyumba yoyamba pachilumbapo kukhala ndi magetsi ndi lifiti. Sitinalowemo, anatchinga chifukwa mbali ina inagwa mu Disembala 2020. Pomwepo anatiuzanso za nkhondo ya pa 27 Ogasiti 1896, Angerezi ataphulitsa nyumba ya sultan kuchokera m'sitima zawo, nkhondo yonse osakwana mphindi 45. Achemwali anaseka nkumati ngakhale mkangano wa mitala umatenga nthawi kuposa pamenepo.

Kuseka kunathera ku Mkunazini.

Pamenepo pali tchalitchi cha Anglican, Christ Church, chomwe anachimanga pamalo pomwe panali msika wa akapolo. Msikawo unatsekedwa mu 1873 Angerezi atamupanikiza Barghash yemweyo, chaka chomwechonso ntchito yomanga inayamba motsogozedwa ndi Edward Steere, amene anadzakhala bishopu ndipo manda ake ali kuseri kwa guwa. Amati guwalo lili pomwe panali mtengo wokwapulirapo anthu. Mkatimo muli kamtanda kakang'ono kosemedwa kuchokera ku mtengo wa ku Chitambo ku Zambia, womwe pansi pake anakwirira mtima wa David Livingstone. Zonsezi ndinkangomva ngati phunziro la hisitole la ku pulayimale, mpaka bambo aja anatifunsa kuti kodi inu kwanu nkuti. Titayankha anaima kaye, kutiyang'ana, nkunena kuti, "Ah, Wanyasa. Abale anu ambiri anadutsa pano."

Ine za Jumbe wa ku Nkhotakota ndinaziphunzira kalekale, ndinakhoza nazo mayeso. Anthu ankawaolotsa nyanja pa madau, ngalawa zija za matanga, kuwayendetsa wapansi miyezi mpaka ku Kilwa, kenako pa chombo kudzafika kuno, ena nkukathera m'minda ya karafuu (ma clove) yomwe inalemeretsa chilumbachi Sultan Seyyid Said atasamutsira likulu lake kuno kuchoka ku Muscat. Koma m'kope mwanga nkhaniyo inkathera pa nyanja. Sindinaganizepo kuti njirayo ili ndi kothera kwake, ndipo kothera kwakeko ndi pomwe ndaima ine ndi kachikwama kanga ka ku Kariakoo. Anatitsitsira ku tizipinda tiwiri ta pansi tomwe amati ankasungiramo anthu podikira msika, denga lake lofupika moti ndinachita kuwerama, timawindo ngati ming'alu. Tinalimo anthu asanu okha koma mpweya unkandichepera. Panja pali dzenje lomwe muli zifanizo za anthu omangidwa unyolo m'khosi, anaziika mu 1998. Achemwali, omwe anajambula chitseko chilichonse m'tauni muja, foni sanaitulutse nkomwe.

Ndiye chinthu chimodzi chimandinyansa pang'ono, alendo ena amafika pamenepo nkumamwetulira pa selfie ngati ali ku gombe. Kaya, aliyense ndi mtima wake.

Titatuluka palibe amalankhula. Bambo aja anaona okha, anatitengera ku Jaws Corner, kabwalo komwe azibambo amakhala pa makhonde kumamwa kahawa, khofi wakuda wowawa m'timakapu tating'ono topanda chogwirira, umalumira kashata, kaswiti ka mtedza kapena kokonati, kuti kuwawako kuzizire. Azimayi tinalipo ife tokha koma anatipatsa malo bwinobwino.

Madzulo ndiye ku Forodhani, m'mphepete mwa nyanja, komwe dzuwa likangolowa matebulo amadzadza ndi nyali ndi utsi wa makala, anyamata nkumadumphira m'madzi kuchokera pa khoma. Langizo langa, funsani mtengo kaye musanaloze chilichonse, ife tinaloza kaye ndipo ma shilling anapita osawerengeka. Zanzibar pizza si pizza ayi, ndi kamtanda ka ufa kopyapyala, amaikamo nyama yogaya, anyezi, dzira ndi mayonezi, kupinda nkukazinga pa chiwaya. Pweza, chinyama cha m'nyanja cha miyendo 8 chija, achemwali anakana kuti sadya zinthu zooneka ngati za kwa sing'anga, ine ndinalawa, kutafuna kwake ngati nthutumba. Koma chomwe chinandigwira ndi urojo, supu wachikasu wowawasa, muli mbatatesi, bajiya (timipira tokazinga ta ufa wa nyemba), dzira lowiritsa, tichipisi ta chinangwa pamwamba ndi tsabola, nkutsitsira madzi a nzimbe ofinya pompo ndi jinja ndi ndimu. Ndinadya mbale ziwiri.

Ndili pa mbale yachiwiriyo mayi wogulitsayo anatimva tikulankhula, nkufunsa kuti chilankhulo chanji chimenecho. Ndisanayankhe achemwali anayankha okha, mawu omwe sindinawamvepo akudzitchula chibadwire, "Wanyasa." Mayi uja anangogwedeza mutu nkundiwonjezera bajiya ziwiri osalipiritsa.

M'mawa wa Lachinayi tinadzera ku msika wa Darajani kugula karafuu ndi sinamoni, nkukwera feri ya masana. Kufika ku Dar tinapeza galimoto ija akuti tsopano ndi Lolemba, belo langa limodzi osaoneka. Imeneyo ndi ya gawo 18.