Marimu atsopano pa galimoto yakale: zomwe ndaona sabata ino

Sabata ino ntchito pa galaja yakhala ngati ya mtundu umodzi. Anthu akubwera atanyamula marimu a galimoto yotuluka posachedwa, kufuna kuveka galimoto yawo yakale ya kampani yomweyo. Maganizo awo ndimawamvetsa: chizindikiro n'chimodzi, dzina n'limodzi, mabowo n'ofanana chiwerengero, nanga chingavute n'chiyani? Koma makampani amasintha miyeso mwakachetechete, ndipo ife omanga ndi amene timauza mwini wake kuti zasintha.

Lolemba kunabwera bambo wina ndi Golf 4, marimu a Golf 5 ali m'buti. Ndinangoika imodzi pa habu, chitsulo chimene rimu imamangidwapo, n'kuwaitana. "Bwana, taonani nokha." Bowo limodzi likalunjika, ena anayi amasemphana. Mabowo asanu a Golf 4 anakhala pa mzere wozungulira wa mamilimita 100, pomwe kuyambira Golf 5, yomwe inatuluka mu 2003, Volkswagen inasamukira pa 112. Ndi zomwe timalemba kuti 5x100 ndi 5x112. Anafunsa za ma adapter, zitsulo zoika pakati pa habu ndi rimu kuti mabowo agwirizane. Alipo, ndipo abwino amagwira ntchito, koma ali ndi thupi lake. Rimu ya mainchesi 16 ya Golf 5 imakhala ndi offset ya mamilimita 50, muyeso wosonyeza mmene rimu imalowera mkati mwa galimoto. Mukaika adapter ya mamilimita 20 kumbuyo kwake, yatsika kufika pa 30, pomwe ya Golf 4 ya saizi yomweyo ndi 42. Tayala latuluka kunja ndi mamilimita 12 mbali iliyonse. Anati akaganiza kaye. Ntchito zotere sizindidetsa nkhawa, chifukwa rimu yokanitsitsa kulowa singavulaze munthu. Zondisowetsa tulo ndi zija zimalowa bwinobwino.

Yoteroyo inabwera Lachiwiri. Mayi wina anafika ndi Audi A4 ya 2006 akudandaula kuti chiwongolero chimanjenjemera akangofika pamsewu waukulu. Anati matayala anawapimitsa balansi kawiri konse, osasintha. Nditayang'ana ndinaona kuti marimu ake ndi a A4 yotsatira, ija inayamba mu 2008. Mabowo ndi 5x112 konsekonse, mabawuti n'ofanana, ndiye amene anamanga sanaone vuto. Vuto linali pa bowo lalikulu lapakati. Pa habu pali kamlomo kotuluka kamene rimu imakhalapo kuti ikhale pakatikati penipeni. Pa Audi yakaleyo kamlomoko n'ka mamilimita 57.1, pomwe bowo la rimu yatsopanoyo ndi 66.5. Mpata wopitirira mamilimita 9. Womanga akapachika rimu yotere, imalendewera pa bawuti yoyamba imene walowetsa, ndipo akamanga mwachangu ndi mfuti ya mpweya, rimu imakhala itapendekera mbali imodzi pang'ono. Diso silingaone. Makina a balansi nawonso sangaone, chifukwa pa makinawo rimu imagwiridwa ndi chitsulo chosongoka cholowa pabowo lapakati, ndiye imazungulira mowongoka. Imakapotoka ikabwerera pa galimoto.

"Ndiye ndigule ena?" anafunsa mayiwo.

"Ayi mayi, marimuwa ndi abwino. Pakufunika timphete tinayi basi."

Timphete timeneti timadzaza mpata pakati pa habu ndi rimu. Tina n'tapulasitiki, tina ta aluminiyamu. Ndinapala dzimbiri pa habu, n'kuveka timpheteto, n'kumanga mabawuti modumphadumpha ngati nyenyezi, galimoto ikanali pa jeke, kenako n'kumaliza ndi sipanala yoyeza mphamvu pa 120 Nm. Titayesa pamsewu chiwongolero chinali zii. Zikanakhala zosemphana, bowo la rimu kuchepa kuposa habu, timphete sitikanathandiza, chifukwa rimuyo siifika n'komwe pokhala pake. Ena amakakulitsa bowolo pa makina osemera zitsulo. Ine ndimalola pokhapo ngati wosemayo ndikumudziwa ntchito yake.

Lachitatu kunalibe zambiri, kumata matayala ophulika basi. Ndinapezerapo mpata wophunzitsa mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito kuwerenga kumbuyo kwa rimu. Iye amakonda kuyang'ana kumaso kwake, kumene kuli konyezimira. "Iwe, tembenuza," ndimamuuza choncho tsiku ndi tsiku. Kumbuyoko ndi kumene kwalembedwa zonse: 7Jx17 ET45, kutanthauza mainchesi 7 m'lifupi, 17 kukula, ndipo pamene rimu imagunda habu patalikira mamilimita 45 kuchoka pakati pa rimuyo kupita kunja. Nambalayi ikakwera, tayala limalowa mkati n'kuyamba kukhula shoko. Ikatsika, limatuluka n'kumadya madigadi galimoto ikalemedwa kapena ikagwa m'dzenje, komanso mabeyaringi amatha msanga.

Lachinayi ndi limene linandikwiyitsa. Mnyamata wina anabwera ndi Toyota yomwe inatuluka ndi marimu achitsulo, ataiveka marimu a aluminiyamu a Toyota ya zaka zaposachedwa. Ankangofuna kuti timupopere. Mnyamata wanga ndi amene anaona, ndipo ndinamuyamikira: manati anali akale aja. Manati a marimu achitsulo a Toyota ali ndi mutu wosongoka, umene umakhala m'bowo losongokanso. Marimu a aluminiyamu ochokera ku fakitale ya Toyota amafuna nati ina, yokhala ndi khosi lolowa m'bowo ndi washa yafulati. Mukamanga rimu yotere ndi nati yosongoka, natiyo imangogunda m'mphepete mwa bowo. Pomanga imalimba ndithu, sipanala imalira, inu n'kumati zatheka. Koma aluminiyamu ndi wofewa. Galimoto ikamayenda, m'mphepete muja mumadyeka, nati imayamba kumasuka, bowo limasanduka ngati dzira. Pa gudumu lakutsogolo kumanzere, manati awiri ndinawamasula ndi zala.

"Achimwene, galimotoyi simuchoka nayo chonchi," ndinatero. Anayamba kukana kuti wayenda nayo mwezi wathunthu popanda vuto. Ndinamugwiritsa nati ija kuti apotokole yekha. Sanayankhulenso.

Nkhani ya manati ndi mabawuti anthu amaipeputsa kwambiri, mwina chifukwa ndi tizinthu tating'ono. Honda imagwiritsa manati a mutu wobulungira, Volkswagen ndi Mercedes mabawuti obulungiranso, pomwe marimu ambiri ogula pambali amafuna osongoka a madigiri 60. Mazinga nawonso amasiyana: Toyota ndi Honda zambiri ndi M12x1.5, kutanthauza kunenepa kwa mamilimita 12 ndi mazinga otalikirana mamilimita 1.5, pomwe Nissan ndi Subaru zambiri ndi M12x1.25. Madzulo a tsiku lomwelo kunabwera Mercedes C-Class ya W203 ndi marimu a C-Class yotsatira ya W204, yomwe inayamba mu 2007. Mabowo 5x112, lapakati 66.6, zonse kugwirizana. Koma W203 imamangidwa ndi mabawuti a M12 pomwe mabowo a rimu ya W204 anapangidwira M14. Pamafunika mabawuti apadera, opyapyala ngati akale koma a mutu waukulu, ndiponso a utali woyenera. Akafupika agwira mazinga ochepa. Ine ndimafuna bawuti ilowe mozama mofanana ndi kunenepa kwake, ndiye ya M12x1.5 izungulire kasanu n'katatu. Akatalika kwambiri, kumbuyo amakakola zitsulo za handibuleki zomwe zili mkati mwa disiki. Mabawutiwo tinalibe, ndiye galimoto inabwerera pa marimu ake akale kudikira kuti afike.

Sikuti zonse zimakanika. Lachisanu ndinamanga marimu a mainchesi 17 a Golf 7 pa Golf 5, ndipo analowa ngati anabadwira pomwepo: 5x112, bowo 57.1, mabawuti omwewo, offset yoyandikana. Ndinangozunguza gudumu ndi dzanja kumvetsera ngati likukhudza caliper, chitsulo chopana disiki ya mabuleki, n'kukhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse. Pokwera saizi mabuleki savuta kawirikawiri. Amavuta potsika, munthu akafuna rimu yaing'ono pa galimoto ya madisiki akulu.

Pomwe tinakambirana nthawi yaitali ndi pa matayala. Mwini wake ankafuna kuika aliwonse a 17 amene anawapeza. Ndinamulembera papepala. Tayala lake lakale la 195/65 R15 ndi lotalika pafupifupi mamilimita 634 kuchoka pansi kufika pamwamba. La 225/45 R17 nalonso ndi 634, rimu yakula koma mphira wam'mbali wafupika. Amene anabweretsawo anali 225/55 R17, omwe amafika pa 679, kutalika ndi 7 peresenti. Sipidomita imawerenga kuzungulira kwa gudumu, siidziwa kuti tayala lakula, ndiye liwiro lenileni limaposa lomwe mukuona ndi mlingo womwewo. Galimoto imalemeranso ponyamuka. Ine sindipyola 3 peresenti. Ndinamuuzanso zomwe ogulitsa marimu sanena: mphira wam'mbali ukafupika, galimoto imamva kamwala kalikonse, ndipo dzenje limene kale linkangogwedeza tayala tsopano limapinda rimu. Anasankha a 45 akudziwa zimenezo.

Loweruka timatseka msanga. Mayi wa Audi uja anabwera kudzamangitsanso mabawuti, monga ndimauzira aliyense kuti abwere akayenda makilomita 50 mpaka 100. Onse anali olimba. Kenako foni ziwiri zotsatizana. Woyamba ankafuna marimu a BMW 3 Series yatsopano ya G20 pa yake yakale ya E90. Ndinamuuza asalipire kaye, chifukwa BMW inasiya 5x120 n'kupita pa 5x112 pa magalimoto a G, ndipo bowo lapakati linachepa kuchoka pa 72.6 kufika pa 66.6. Wachiwiri anali atagula kale marimu a Land Cruiser 300, ya 2021, kuti aveke 200 yake. Ndinamufunsa ngati anawerenga mabowo. Anati dikirani. Ndinamva akutsegula chitseko, kenako akuwerenga chapansipansi. Pa galimoto anapeza asanu, pa rimu asanu n'limodzi. Tagwirizana kuti Lolemba abwere nawo ndiwayeze, tione ngati angakwane pa Hilux ya mng'ono wake.